Mlangizi Wolawa ndi Mphuno

Padangotero, abale anga, ndipo inu muzivomera kuti tili tonse, ngakhale chamumtima. Chidali chaka chija mafuta ophikira ankagulitsidwa pa kachitsekero ka botolo, nyama zikadaphika ndi kupita kumsika ngati ife tomwe.

M'mudzi wina munkakhala Gologolo wamkazi, dzina lake Nangozo. Mwamuna wake adatengedwa ndi kabawi ali kumunda, n'kumusiyira ana asanu ndi mphika umodzi wobenthuka. Ana a gologolo mukuwadziwa: timimba tating'onoting'ono, koma pakamwa posapuma.

Komabe pakhomo pa Nangozo sipankamveka kulira kwa njala. Kumsika ankapita dzuwa litapendeka, ogulitsa atatopa, n'kugula tomato wophwanyika amene anzake ankamunyoza. Bonongwe ankathyola kuseri kwa makola a eni, chisoso m'mbali mwa njira, ndipo masamba akachuluka m'dzinja ankafutsa n'kusunga m'zikwatu. Nyemba ankaziviika kuyambira dzulo lake kuti zisamuthere nkhuni. M'mawa ana ankamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Masana futali wa mbatata, nkhwani wotendera, kadzanja ka ngumbi zouma, n'kutsitsira ndi papaya. Ana ake adali osalala ubweya, michira ili njo!

Akamasinja mtedza ankaimba kanyimbo kofunsa munsi kuti lero adye ndani, ndipo ana ankavomera potchula mayina awo, kuyambira wamkulu mpaka chitsiriza, Kamtedza, amene ankachedwa kuyankha nthawi zonse chifukwa m'kamwa munkakhala muli kanthu.

Tsono akuluakulu a kulikulu la nyama, atachita msonkhano wa masiku khumi uku akudya kasanu pa tsiku, adapeza kuti vuto la amphawi ndi kusadziwa kudya. Adatumiza Nguluwe, udindo wake Mlangizi Wamkulu wa Kadyedwe Koyenera. Adafika atavala jekete lokana kumangika mabatani chifukwa cha mimba. Pambuyo pake pankabwera wachiwiri wake, Fisi, atasenza sikelo ndi chibuku.

Nyama zitasonkhana, Mbuzi wina dzina lake Nazimbiri, woyandikana nyumba ndi Nangozo, adafunsa:

"Bwana, mwatibweretsera ufa kapena nyemba?"

"Takubweretserani uphungu, mayi," adatero Nguluwe. "Tsopano mverani. Ine ndizidzayenda khomo ndi khomo kulawa miphika yanu. A Fisi alemba mayina ndi kulemera kwa aliyense m'bukumu. Mwezi ukatha tidzayezanso. Yense wolembedwa amene adzatsike sikelo adzapita ku Nyumba Yonenepetsera, imene a Fisi amanga ndi manja awo, ndipo aziyang'anira okha."

Nangozo adayang'ana nyumbayo. Idalibe zenera ngakhale limodzi. Adakokera Kamtedza pafupi.

"Ndipo kuti muone kuti lamulo silisankha," adapitiriza Nguluwe, "a Fisi, yambani kulemba ine."

Adakwera pasikelo, sikelo n'kulira kwiii! ngati chitseko chakale. Fisi adalemba dzina la bwana wake pamwamba pa tsamba loyamba, nyama zonse zikuwomba m'manja chifukwa zidauzidwa kuti ziwombe.

M'mawa mwake Nangozo adasinja, adaimba, ana adavomera. Akuti aziphula mphika, adamva "Odi!" wonenepa pakhomo.

"Mumphikamu muli chiyani, mayi?"

"Futali, bwana, ndi nkhwani wotendera."

"Nanga nyama? Soseji? Mkaka wam'chitini?"

"Zimene zija, bwana, mtengo wake..."

"Mtengo si gulu la chakudya. Patseni supuni."

Supuni yoyamba idali yoona mchere. Yachiwiri yoona mafuta. Yachitatu yotsimikizira yoyamba ija. Ana asanu ankatsatira supuniyo ndi maso, kuchoka mumphika kupita m'kamwa, kuchoka m'kamwa kubwerera mumphika, mpaka idayamba kulira kwekwerere! pansi. Nguluwe adanyambita mphika, adanyambita supuni, n'kugeya.

"Zakudya za umbuli," adatero. "A Fisi, lembani kuti zalephera. Ndibweranso mawa kudzaona ngati mwasintha."

Adabweradi mawa lake, ndi mkuja, ndi mtondo. Miphika yonse ya m'mudzi ankailawa, koma wa Nangozo ankayamba nawo, n'kudzamalizanso nawo. Nangozo adayesa kuphika m'mamawa. Nguluwe adayamba kufika m'mamawa. Adayesa kubisa mphika m'nkhokwe. Nguluwe adaununkhiza ali kumsewu. Ana ankangodya zokokota ndi masau otola, ndipo michira ija idayamba kukwekwereza pansi.

Tsiku la sikelo litakwana, Nangozo adatola timiyala tosalala n'kuwaika ana m'masaya.

"Wina akakufunsani kanthu, muzingogwedeza mutu. Mwamva?"

Ana adagwedeza mitu.

Onse asanu adapulumuka, Kamtedza ndiye mwa mwayi. Koma potsika pasikelo, mwanayo adayetsemula, kamwala n'kugwera paphazi pa Fisi. Fisi adakatola, adakayang'ana, adamuyang'ana Nangozo.

"Mwezi wamawa tidzayeza kukamwa kuli yasa," adatero motsitsa mawu.

Ana awiri a Nazimbiri ndiwo adatsika sikelo. Fisi adawagwira zingwe n'kulowa nawo m'nyumba yopanda zenera ija. Kuyambira tsikulo Nazimbiri ankapita pakhomopo m'mawa uliwonse atanyamula masamba anthete.

"Ndimati ndiwaone ana, achimwene."

"Akunenepabe, mayi, musawasokoneze," ankatero Fisi, uku akutokosa m'mano.

Nangozo ataona kutokosa kumeneko, mtima udamuzizira. Adadziwa kuti watsala ndi mwezi umodzi.

Adayamba ndi tsabola. Adathyola kambuzi wodzaza manja awiri n'kumusinjira mu nandolo, ndipo tsikulo nyimbo yake inkachenjeza munsi kuti usanyambite zala. Ana adavomera akutsokomola. Nguluwe adalawa supuni imodzi, maso psuu, thukuta kamukamu, misozi mbwembwembwe. Nangozo adati lero ndiye ndathana naye.

"Haa!" adatero Nguluwe akupepesera lilime. "Izi ndiye zakudya za kunja! Umu ndi momwe timadyera kumisonkhano. Mwayamba kumva uphungu, mayi."

Adamaliza mphika wonse n'kulamula kuti mawa awonjezere tsabola.

Nangozo adakhala pamtondo, dzanja lili patsaya. Chinthu ichi sichiopa kuwawa, sichiopa manyazi a ana olira, nanga chimaopa chiyani? Adakumbukira momwe nkhope ya Nguluwe idawalira potchula za kunja, ndi momwe ankakonzera jekete lake nyama ina ikaiwala kunena kuti "Wamkulu". Adadzuka n'kupita kwa Nazimbiri.

"Achemwali, pukutani misozi kaye. Ndikufuna mundithandize miseche."

M'mawa mwake Nangozo adaphika therere la chewe ndi nyemba, ndi mbatata yootcha. Atamva mapazi olemera akubwera, iye ndi Nazimbiri adakhala kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kunong'onezana, kunong'ona kuja komveka mpaka kumsewu.

"Paja mwamva zimene wanena Namzeze? Wangofika kumene kuchokera ku maiko akutali."

"Wati bwanji?"

"Wati kumeneko alangizi enieni, ophunzira mpaka kumapeto kwa sukulu, salawa ndi pakamwa ayi. Amangonunkhiza mphika kamodzi, n'kutchula zonse zili m'katimo. Kulawa ndi pakamwa amasiyira amesenjala."

"Aa! Nanga athuwa bwanji amachita kunyambita ndi mphika womwe?"

"Tsitsani mawu, achemwali! Mwina athuwa kalasi imeneyo sadaifike. Tisawachititse manyazi, n'ngachisoni."

Mapazi aja adaima. Padapita kanthawi ndithu "Odi!" asanamveke.

Nangozo adatuluka, adagwada, adapereka supuni ndi manja awiri.

"Ya chiyani imeneyo?" adakalipa Nguluwe. "Mukundiyesa mesenjala?"

"Pepani bwana, ndimati monga mwa masiku onse..."

"Masiku onse aja ndinkakuphunzitsani ndi njira ya oyamba kumene. Vundukulani mphika."

Adawerama, adatsinzina, adakoka mpweya. Fungo la nyemba lidamulowa mpaka m'mawondo. Adameza malovu gwedu!

"Muli... nsomba ya m'nyanja ya mchere. Ndi batala pang'ono."

"Mayo ine!" adafuula Nangozo akuwomba m'manja. "Achemwali, bwerani mudzaone! Atchula zonse, osaphonya ngakhale chimodzi!"

Nazimbiri adaimba nthungululu. Nguluwe adakonza jekete lake.

"Koma bwana," adatero Nangozo, "kuti buku likhale lolongosoka, wina wapansi panu ndiye alaweko ndi pakamwa."

"A Fisi, lawani."

"Bwana, ine masamba amanditsegula m'mimba."

"Ndi lamulo."

Fisi adatenga supuni ya therere. Therere lidanyololoka kuchoka pasupuni, lina m'kamwa, lina pachibwano, lina likulendewerabe mpaka pachifuwa. Adameza ngati akumeza chule wamoyo.

"Lakoma. Lapambana. Tiyeni tizipita, bwana."

Tsiku limenelo ana a Nangozo adadya mpaka timimba kuti ng'a. Kamtedza adagona tulo ali chikhalire, mbatata ili m'manja.

Dzuwa lisanalowe, nkhani idali itafika pakhomo lililonse, chifukwa Nangozo adaiyendetsa yekha. Kulikonse kumene Nguluwe wafika, amayi ankamuyalira mphasa, kumuvundukulira mphika, iye n'kununkhiza. Akatchula mpunga pomwe muli maungu, nthungululu. Akatchula nkhuku pomwe muli khobwe, nthungululu. Adamupatsa dzina loti Katswiri wa Mphuno, ndipo iye adauza Fisi kuti alilembe pachikuto cha buku. Nangozo adaphunzitsanso anzake kuti tsiku lililonse pambali pa mphika pazikhala kambale ka therere, kapadera ka a Fisi.

Nyimbo ya pamtondo ija idasintha. Tsopano inkauza munsi kuti mlendo wakhuta utsi, ndiye mbale zibwere, ndipo ankavomera sadalinso ana asanu okha koma a mudzi wonse. Nguluwe akaimva ankagwedeza mutu, kuyesa kuti akumutamanda.

Vuto lake lidali lakuti pobwera sadatenge mphika kapena ufa, poti ankadziwa kuti mlangizi saphika. Tsiku lachitatu adazemba kupita kumsika kukagula chinangwa chootcha. Wogulitsa adaimirira mwaulemu.

"Katswiri mwini wake! Nunkhizani, bwana, kwa inu n'kwaulere."

Adanunkhiza, gulu likuonerera, n'kubwerera m'mimba mukulira. Adayesa kulowa m'munda mwa eni kuti afukule mbatata. Asanakumbe n'komwe, apumbwa adali atatera m'mitengo kudzaona luso la mphuno yotchuka, ndiye adangonunkhiza nthaka n'kunena kuti m'mundamo mukufunika manyowa. Ngakhale kunyumba kumene ankagona, akangoti atafune kanthu, Fisi, amene therere lidali litamufika m'khosi, ankatsokomola.

"Bwana, kodi mwatsika udindo? Ndilembe?"

Nguluwe ankalavula.

Ankakhalira madzi ndi timizu tomwe ankatafuna mobisa akanamizira kupita kuthengo. Sabata yoyamba jekete lidamangika mabatani. Yachiwiri lidayamba kukhwepa. Yachitatu ankachita kulikulunga ngati chitenje. Nangozo akamuona ankagwada.

"Bwana, mukuoneka ngati a kunja enieni tsopano."

"Ndi maphunziro, mayi," ankayankha ndi mawu a udzudzu.

Fisi naye zake zidali zina. Makomo makumi atatu pa tsiku, khomo lililonse supuni ya therere. Ankayenda atagwira pamimba, ndipo akaona mwana wonenepa akudutsa ankayang'ana kumwamba n'kuwerenga masiku otsala.

Tsiku la sikelo lidafika. Ana adandanda, kukamwa kuli yasa. Woyamba wakwera. Wachiwiri wakwera. Fisi adagwedeza sikelo, adaipukuta, adayezanso. Akwera ndithu. Kamtedza adamuyeza katatu, adamusuzumira m'kamwa, m'makutu, ngakhale pansi pa mchira. Mwana adali atakwera. Mudzi wonse padalibe wotsika ngakhale mmodzi. Fisi adayamba kutseka buku, maso ali ndi misozi.

"Pepani a Fisi," adatero Nangozo, "ine sukulu sindidapite patali, koma ngati mwadumpha dzina."

"Dzina liti?"

"Tsamba loyamba. Pamwamba penipeni."

Fisi adatsegula buku. Adayang'ana dzina. Adakweza maso pang'onopang'ono n'kuyang'ana bwana wake kuyambira kumapazi mpaka kumakutu. Makutu a Fisi adaimirira.

"Chimene chija chidali chitsanzo chabe," adatero Nguluwe.

"Tinamva ngati munati lamulo silisankha, bwana," adatero Nangozo. "Kapena tidamva molakwa, poti ndife osaphunzira?"

"Silisankha! Silisankha!" lidavomera gulu.

Nguluwe adakwera. Sikelo ija idalira kwiii tsiku loyamba, lero idangoti ke.

"Mwatsika kwambiri, bwana," adatero Fisi, dovu likugwera pabuku. "Tiyeni mukanenepe."

Tsono Nguluwe, chifikireni m'mudzimo, adali asanalowepo m'Nyumba Yonenepetsera. Ankangosayina mapepala ake osawerenga. Adaganiza kaye, kenaka adanong'oneza Fisi:

"M'menemo muli chakudya, eti?"

"Chikhalamo posachedwa, bwana."

"Ndipo mulibe zenera? Palibe angaone?"

"Palibe ngakhale mmodzi."

Nguluwe adatembenukira gulu, adakonza jekete lake, adati akupita kukayendera ntchito za boma, n'kutsogola yekha mothamanga. Fisi adatseka chitseko ndi mpiringidzo.

Padangoti zii. Kenaka kudamveka kulira kumene mudzi uja udali usanamvepo, phokoso la zinthu zikugubuduzika, ndiye khoma lakumbuyo lidati phwaa! Nguluwe adatulukira pamenepo wopanda jekete, wopanda theka la khutu, liwiro losatembenuka. Kuonda kuja ndiko kudamupulumutsa, chifukwa Nguluwe wa mwezi wathawo pa bowo limenelo sakadakwana.

Nyama zidathamangira kukasuzumira. M'nyumbamo mudalibe mafuwa, mudalibe phulusa, mudalibe mbale. Mudali Fisi ali pamphasa yake, ndipo pakona padali tizingwe tiwiri ndi timafupa toyera.

Nthungululu zidazima. Nazimbiri adalowa pabowo paja, adatola tizingwe tija, adatikulunga bwinobwino n'kumupatsa Nangozo kuti amusungire. Kenaka adabwerera m'mbuyo mapazi asanu, adaweramitsa mutu, n'kumugunda Fisi m'chiuno ndi mphamvu za ana awiri. Fisi adathawa akukoka miyendo yakumbuyo, ndipo chiuno chimenecho sichidawongokenso. Nyumba ija adaigwetsa tsiku lomwelo. Masiku otsatira, Nangozo akaphika ankapatula mbale ya Nazimbiri, n'kukhala naye mpaka adye.

Kulikulu kudafika lipoti lonena kuti ntchito yayenda bwino kwambiri: ana onse a m'mudzimo akwera sikelo, ndipo m'Nyumba Yonenepetsera simudatsale mwana woonda ngakhale mmodzi. Akuluakulu adachita msonkhano wina wa masiku khumi, adamukweza Nguluwe udindo, n'kugwirizana kuti mudzi wochita bwino chotero ukufunika mlangizi wamkulu kuposa woyamba uja.

Patapita sabata ziwiri, Nangozo akuchokera kothyola bonongwe, adakumana ndi chinthu chodzaza njira yonse, chitavala tayi. Adali Mvuu.

"Mayi inu," adatero Mvuu, "ndine mlangizi watsopano. Ndamva kuti kuno kuli Gologolo wina, Nangozo, wodziwa kutendera. Ndikufuna ndiyambire pakhomo pake. Amakhala pati?"

Nangozo adayang'ana kukamwa kuja. Mukadalowa mphika, mtondo, munsi ndi ana asanu, malo n'kutsalabe. Adabisa bonongwe kumbuyo n'kugwada.

"Aa, bwana, mwachedwa pang'ono. Mayi amene uja anasamuka dzana."

"Wapita kuti?"

"Tsatani njira iyi mpaka kumtsinje. Mukafika musaime, lowani m'madzi. Nyumba yake ili pansi penipeni, pafupi ndi mwala waukulu. Mukapanda kuipeza ulendo woyamba, vuukani mupume, mumirenso. Amaphika mochedwa, koma mukadya simudzaiwala."

Mvuu adathokoza, adati n'koyamba kuona mayi waulemu chotere m'dera lonselo, n'kutsetsereka.

Mukadzapita kumtsinje mudzamuona. Amamira, amavuuka, amayang'ana uku ndi uku, amayasamula ndi njala, n'kumiranso. Akufunabe khomo la Nangozo.

Yanga ndaphula pamenepa. Amene sanakhute akatendere yake.